Kuwerenga mabuku a utsogoleri wa sukulu osawalemetsa aphunzitsi

Chaka changa choyamba pa uhedi ndinawerenga buku lonse pa Loweruka ndi Lamlungu, Lolemba n'kulowa mu msonkhano wa aphunzitsi ndi mfundo khumi ndi ziwiri zosinthira sukulu. Anthu anagwedeza mitu, mmodzi analembako m'kope. Pofika kumapeto kwa teremu panalibe ngakhale imodzi imene inkachitika. Mphunzitsi wina wachikulire anandiimitsa pakhonde n'kunena kuti, "Ahedi, buku munawerenga nokha, koma katundu mwasenzetsa ife." Kuchokera tsiku limenelo ndinasintha kawerengedwe kanga, ndipo ndikufotokozereni mmene ndimachitira.

Musanatenge buku, lembani pa pepala vuto limodzi limene likukusowetsani tulo. Likhale vuto looneka ndi maso, monga aphunzitsi atsopano kusiyidwa okha popanda wowalangiza, kapena njira yatsopano yophunzitsira kuwerenga kufa patangopita milungu itatu. Vutolo ndilo likulozereni buku.

Ngati zatsopano zimafera m'mazira pasukulu panu, werengani Leading in a Culture of Change la Michael Fullan wa ku Canada, lomwe linatuluka mu 2001. Mfundo imene inandigwira mtima ndi yakuti kusintha kukayamba, zinthu zimayamba zatsika kaye. Chifukwa chake n'chomveka: mphunzitsi wasiya njira imene anaizolowera zaka zambiri, pomwe yatsopanoyo sinamukhale m'manja. Maphunziro ake amaoneka osokonekera, iye mwini amadzikayikira, ndipo mphunzitsi wamkulu wosadziwa zimenezi amathamangira kunena kuti njirayo yakanika. Ine ndinachitapo zimenezo kawiri. Tsopano ndimawauziratu aphunzitsi kuti mwezi woyamba udzakhala wowawa, asadabwe.

Ngati vuto ndi kusakhulupirirana, pali Trust in Schools la Anthony Bryk ndi Barbara Schneider, la mu 2002. Iwo anafufuza masukulu a pulayimale mu mzinda wa Chicago ndipo anapeza kuti kumene aphunzitsi, ahedi ndi makolo amakhulupirirana, ana amapita patsogolo kwambiri pa kuwerenga ndi masamu. Anati chikhulupiriro chimamangidwa ndi zinthu zinayi: ulemu, kudziwa ntchito, kusamala za munthu payekha, ndi kuchita zimene unanena. Chachinayicho chinandiluma, chifukwa ndinali nditalonjeza choko ndi mabuku kangapo osakwaniritsa.

Viviane Robinson wa ku New Zealand ndi anzake awiri anasindikiza kafukufuku mu 2008 wosonyeza kuti mwa ntchito zisanu za mtsogoleri, imene imathandiza ana kuposa zonse ndi kulimbikitsa aphunzitsi kuphunzira, iyenso n'kumaphunzira nawo. Ndiye masiku ano pa maphunziro a aphunzitsi sinditsegulira n'kubwerera ku ofesi ayi, ndimakhala pampando ndi kope langa mpaka mapeto.

Mabuku a za bizinesi, monga Leading Change la John Kotter la mu 1996 lokhala ndi masitepe asanu ndi atatu, muwerenge ndi diso limodzi lotseguka. Analembera makampani, kumene bwana amatha kusankha yekha antchito ake.

Tsopano kawerengedwe kake. Mutu umodzi pa sabata wakwana. Ndimakhala ndi pensulo, ndipo m'mphepete mwa tsamba ndimaika zizindikiro zitatu zokha: chongi pa zimene tikuchita kale, funso pa zimene ndikukayikira, kanyenyezi pa zimene ndingayese. Nyenyezi zikapitirira ziwiri pa mutu umodzi ndimafufuta zina. Pa nyenyezi iliyonse ndimadzifunsa kuti, kodi kumene anayesera zimenezi m'kalasi munali ana angati? Nanga aphunzitsi anali ndi maola angati okonzekera? Olemba ambiri sanena zimenezi poyera, muyenera kuzifufuza m'masamba akumapeto amene anthu timawadumpha.

Musawerenge nokha. Ine ndimawerenga ndi wachiwiri wanga, ndipo Lachinayi ana akaweruka timakhala mphindi makumi atatu basi. Iye ndi munthu wosachedwa kutsutsa, ndipo n'chifukwa chake ndinamusankha. Munthu wongovomera sakuthandizani pano.

Mukagwirizana pa chinthu chimodzi, musachitengere ku msonkhano wa onse. Pezani aphunzitsi awiri ofuna okha, ayese milungu isanu ndi umodzi. Lembani tsiku loyambira, chimene mukuyembekeza kuona, ndi chimene chaonekadi. Ife tinayesa kuti mphunzitsi watsopano azionerera phunziro la mnzake kamodzi pa sabata, ine n'kumamugwirira kalasi yake pa ola limenelo. Sabata yachitatu mnzake uja anafuna kusiya, akuti akuchita manyazi kuonereredwa. Tinasintha kuti ayambe iye kuonerera. Anthu enawo anamva okha m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo atatu anabwera kudzapempha kuti alowe nawo.

Buku la Fullan lija pano lili ndi wachiwiri wanga. Dzulo ndinasuzumira pa desiki pake, ndinapeza pambali pa kanyenyezi kanga kena walembapo ndi pensulo kuti, "Izi ayi, ahedi. Tikambirane Lachinayi."