Mmene Mungaunikire Mankhwala a Nitric Oxide Ngati Muli ndi Wodwala Khansa

Mabotolo a L-arginine, L-citrulline ndi ufa wa beetroot amagulitsidwa m'mafamasi ndi pa intaneti ndi lonjezo loti amachulukitsa nitric oxide m'thupi, ndipo banja lotopa ndi matenda a khansa limakopeka mosavuta. Musanatulutse ndalama, yambani mwamvetsa ntchito ya nitric oxide, mpweya umene thupi limapanga lokha.

Maselo athu amaupanga kuchokera ku L-arginine, ndipo umatha m'masekondi ochepa chabe. Umamasula mitsempha kuti magazi aziyenda bwino, ndipo Robert Furchgott, Louis Ignarro ndi Ferid Murad analandira mphoto ya Nobel mu 1998 chifukwa chotulukira ntchito imeneyi. Koma pa khansa umachita zinthu ziwiri zotsutsana. Ukachuluka kwambiri pamalo amodzi, monga pamene maselo oteteza thupi otchedwa macrophage autulutsa polimbana ndi chotupa, umawononga DNA ndipo maselo a khansa amafa. Ukakhala wochepa koma wosalekeza, umathandiza chotupacho kumera mitsempha yatsopano yochidyetsa ndiponso kufalikira. N'chifukwa chake pa mitundu ina ya khansa ya m'mawere, zotupa zokhala ndi iNOS yambiri, puloteni imene imapanga mpweyawu, zapezeka kuti zimakhala zovuta kwambiri. Kapisozi womeza sangasankhe mlingo umene udzafike pa chotupa, ndipo kwa ine mfundo imeneyi payokha ndi yokwanira kuti munthu aleze mtima.

Kenako funsani wogulitsa kuti umboni wake unayesedwa pa anthu kapena pa mbewa ndi maselo a mu labu. Mu 2006 madokotala a ku Japan anafalitsa zotsatira zolimbikitsa atamata mankhwala a nitroglycerin, amene amatulutsa nitric oxide m'thupi, pakhungu la odwala khansa ya m'mapapo amene anali pa chemotherapy, koma kafukufuku amene anatsatira m'mayiko ena sanatsimikize phindu limenelo. Ofufuza ena, monga a ku Houston, akuyesa njira yosiyana kotheratu, yotsekereza nitric oxide ndi mankhwala a L-NMMA pa khansa ya m'mawere. Njira zonse ziwirizi zidakali pa kafukufuku, ndipo palibe imene yalowa m'malo mwa opaleshoni, chemotherapy kapena radiotherapy.

Ngati botolo lili kale m'nyumba, litengeni mmene lilili popita ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka, kuti dokotala kapena wa famasi awerenge yekha zimene zalembedwapo. Muwauzenso za mankhwala onse amene wodwalayo amamwa, makamaka a BP, a mtima monga nitroglycerin ndi isosorbide, komanso sildenafil (Viagra), amene abambo ambiri amachita manyazi kutchula. Sildenafil akakumana ndi mankhwala a mtima amenewa amagwetsa kuthamanga kwa magazi moopsa, ndipo wodwala amene akusanza kapena kutsegula m'mimba chifukwa cha chemotherapy amakhala atafooka kale. Pogula chilichonse, funsani ngati ZAMRA, bungwe loyang'anira mankhwala ku Zambia, inachivomereza, ndipo wogulitsa akanena kuti chimachiritsa khansa, musagule.

Beetroot, repu ndi chibwabwa zodyedwa ngati ndiwo ndi chakudya chabwino, ndipo wodwala angadye malinga ndi malangizo a kuchipatala. Ndalama imene ikanapita ku mabotolo isungeni kuti ikhale ya minibasi ndi chakudya pa masiku a chithandizo, pakuti radiotherapy imaperekedwa masiku otsatizana kwa milungu ingapo, ndipo kudumphitsa masiku kumapatsa chotupa mpata woyambanso kukula.