Kompyuta ikamazima yokha mukangoisiya: momwe mungapezere gwero la vuto

Mwezi watha mayi ena amene ali ndi kashopu kotayipa ndi kupulinta mapepala kufupi ndi msika waukulu wa Zomba anabwera ndi kompyuta yawo m'katoni. Ikakhala pa ntchito, kutayipa makalata ndi zolemba za ophunzira a ku Chanco kuyambira m'mawa, sinkavuta ngakhale pang'ono. Koma akangoisiya kuti akadye nkhomaliro, pobwera ankaipeza itazima n'kuyakanso yokha, apo ayi sikirini ili bii, fani ikulira, mausi osayankha. Anali atalipira kale kawiri kuti aifomate, vuto osasuntha.

Zoterezi zimandiwawa, chifukwa kufomata ndi mankhwala amene timathamangira tisanapime matenda. Ndalama zimapita, mafayilo amatayika, ndipo nthawi zambiri wolakwa sakhala Windows n'komwe.

Chofunika kudziwa n'chakuti kompyuta imene mwaisiya sikhala ikupuma. Imayamba kuchepetsa magetsi opita ku purosesa, ku disiki, ku USB ndi ku kadi ya Wi-Fi. Pa nthawi yomweyo Windows imapezerapo mpata wogwira ntchito zake zam'seri zotchedwa Automatic Maintenance: kusaka mavairasi, kuika ma update, kusamalira disiki. Choncho ikamagwa, kutanthauza kuzima kapena kuuma yokha, muli kutali, mwina pali chipangizo chimene chikulephera kugona ndi kudzuka bwino, kapena ntchito zam'serizo zikukhudza pamene pali bala. Ntchito yanu ndi kupeza kuti mwa ziwirizi ndi chiti.

Musanakhudze chilichonse

Koperani mafayilo anu ofunika pa flash kapena pa disiki ina. Kenako tengani kope ndi cholembera. Ikagwa, lembani tsiku, ola, zimene zinali pa sikirini ndi zonse zimene zinali zolumikizidwa. Ndipo muzisintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi. Mukasintha zisanu tsiku limodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chakuthandizani, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi.

Kuno kwathu yambani mwakayikira magetsi. Sikuti mpaka athime ayi. Akangophethira pang'ono, mwina chifukwa chigayo cha pafupi chaliza injini kapena owotcherera zitsulo ayamba ntchito, desktop yopanda UPS (kabokosi ka batire kopatsa kompyuta magetsi akathima) imazima n'kuyakanso. Inu munali panja, simunaone babu ikuphethira. Chotsani kompyuta pa ekistenshoni yotchipa ija, muilumikize kukhoma, kapena mubwereke UPS kwa masiku awiri. Ngati ndi laputopu ya batire labwino, isiyeni pa batire lokha muone ngati ichitenso.

Funsani kompyutayo, imasunga mbiri yake

Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani perfmon /rel, kenako Enter. Patuluka Reliability Monitor, yokhala ngati kalendala, ndipo tsiku lililonse limene panachitika ngozi pali kachizindikiro kofiira. Yerekezani ndi za m'kope lanu, muonenso ngati mavuto anayamba tsiku limene munaika pulogalamu kapena driver yatsopano (driver ndi kapulogalamu kothandiza Windows kuyendetsa chipangizo).

Kenako dinaninso Windows ndi R, lembani eventvwr, pitani pa Windows Logs, musankhe System. Sakani Kernel-Power ya nambala 41. Apa ambiri amasokera: akaona mawu oti Power amathamangira kukagula power supply, bokosi logawa magetsi m'kati mwa kompyuta. Nambala 41 imangonena kuti kompyuta sinatsekedwe mwadongosolo, sinena chifukwa chake. Tsegulani Details muone BugcheckCode. Ikakhala 0, kawirikawiri ndiye kuti magetsi anaduka mwadzidzidzi, kapena makina anauma moti Windows sinapeze mpata wolemba kanthu. Pamenepo maso akhale pa magetsi ndi pa zipangizo. Ikakhala 159, imeneyo ndi DRIVER_POWER_STATE_FAILURE, kutanthauza kuti driver ina inalephera pa nkhani yogona ndi kudzuka. Ikakhala 292, ndi WHEA_UNCORRECTABLE_ERROR, dandaulo lochokera ku chipangizo chenicheni, monga purosesa.

Kuti uthenga wa pa sikirini usamakuthaweni, lembani sysdm.cpl, pitani pa Advanced, pa Startup and Recovery dinani Settings, muchotse chizindikiro pa Automatically restart, musankhenso Small memory dump. Ikadzagwanso idzaima pomwepo mpaka mubwere, mujambule ndi foni. Timafayilo ta ngozizo timasungidwa mu C:\Windows\Minidump, ndipo kapulogalamu kaulere ka BlueScreenView kamatha kutiwerenga n'kukusonyezani driver yokayikitsa. Kakaloza ntoskrnl.exe musasangalale msanga, umenewo ndi mtima wa Windows womwe umangopezeka pamalo a ngozi.

Ikanizeni tulo kwa masiku atatu

Apa ndi pamene ambiri amapezera yankho. Lembani powercfg.cpl, dinani Change plan settings, ndipo pa Put the computer to sleep musankhe Never. Lowani mu Change advanced power settings musinthe izi: Turn off hard disk after ikhale 0, USB selective suspend ikhale Disabled, ndipo pansi pa PCI Express, Link State Power Management ikhale Off. Bwererani pa Choose what the power buttons do muzimitse Fast Startup, imene imachititsa kuti kompyuta isamazime kwathunthu ngakhale mwadina Shut down. Zonsezi zitengeni ngati kusintha kumodzi.

Isiyeni ili choyaka monga mwa nthawi zonse. Ikatha masiku atatu osagwa, mwaupeza mudzi umene wolakwa amakhala, kwatsala nyumba yake. Bwezerani zinthu zija chimodzichimodzi, n'kumadikira tsiku limodzi kapena awiri. Chimene chidzutse vutolo chikuuzani driver yoti musinthe. Ikakhala USB, kayikirani pulinta, modemu kapena kadongulo ka Wi-Fi, ndipo yesani kuzizula zonse usiku umodzi. Ikakhala PCI Express, yang'anani graphics, Wi-Fi kapena SSD ya mtundu wa NVMe. Mu Device Manager, zipangizo zambiri zili ndi tsamba la Power Management pomwe mungachotse chilolezo choti kompyuta izizizimitsa pofuna kusunga magetsi.

Ma driver tengani pa webusaiti ya amene anapanga kompyutayo, kaya ndi HP, Dell kapena Lenovo, polemba nambala ya modelo yanu. Yambani ndi chipset, kenako graphics ndi Wi-Fi. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, komabe musatengeke ndi mapulogalamu olonjeza kukonza ma driver onse ndi batani limodzi. Makompyuta ambiri amene timagula kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja, ndipo driver yolakwika pa makina akale otere imabala mavuto ena atsopano.

Ikagwabe ngakhale sikugona

Tsopano kayikirani ntchito zam'seri zija. Musadikire kuti ziyambe zokha. Mu Control Panel tsegulani Security and Maintenance, pa Maintenance dinani Start maintenance, mukhale pomwepo n'kumayang'ana. Ikagwa m'maso mwanu, pimani zitatu: disiki, RAM (memory imene kompyuta imagwirirapo ntchito ikayaka) ndi kutentha.

Disiki ipimeni ndi CrystalDiskInfo. Ikalemba Caution kapena Bad, siyani zonse mupulumutse mafayilo lero lomwe. RAM ipimeni polemba mdsched, koma MemTest86 yoikidwa pa flash n'kuisiya usiku wonse ndiyo imafufuza mozama. Cholakwika chimodzi chokha n'chokwanira. Ngati muli timitengo tiwiri ta RAM, zimitsani, zulani chingwe kukhoma, muyese kamodzikamodzi. Za kutentha, kumbukirani fumbi la m'chilimwe ndi dzuwa la Okutobala. Kashopu kotseka mazenera masana, fani yodzaza fumbi, kenako antivirus n'kuyamba kusaka disiki yonse, makina amadzizimitsa okha podziteteza. HWMonitor imakusonyezani kutenthako. Mukamapemerera fumbi, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire.

Mukhozanso kutsegula Command Prompt ngati administrator n'kulemba sfc /scannow kuti ikonze mafayilo a Windows owonongeka. Sizitenga nthawi yaitali.

BIOS ndi power supply

Pali chinthu chimene ambiri sachiganizira: power supply ikhoza kupirira katundu wolemera koma n'kulephera katundu akapepuka kwambiri. Mapurosesa a Intel a m'badwo wachinayi, otchedwa Haswell, amene anatuluka mu 2013, ali ndi tulo takuya totchedwa C6 ndi C7 (tulo ta purosesa timatchedwa C-states), pomwe purosesa imakoka magetsi ochepetsetsa. Ma power supply ena akale satha kusunga magetsi okhazikika pa mlingo wotsika chotere, ndiye amazima. Mapurosesa ena oyambirira a AMD Ryzen a mu 2017 ankaumanso akasiyidwa, ndipo pa ma motherboard ambiri a Ryzen muli malo otchedwa Power Supply Idle Control, amene mungasinthe kukhala Typical Current Idle.

Lowani mu BIOS, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows isanayambe, poyatsa, kawirikawiri ndi F2, F10 kapena Delete. Yambani ndi kubwezera zonse pa default, zimene zimazimitsanso XMP, imene imathamangitsa RAM, ngati wina anaiyatsa. Vuto likapitirira, zimitsani C-states muyese masiku ena atatu. Likatha apa, power supply kapena motherboard ndiye wokayikiridwa wamkulu. Yang'ananinso pa motherboard ngati pali ma capacitor otupa pamwamba. Chonde power supply musaitsegule, imasunga magetsi oopsa ngakhale mwazula chingwe. Ndipo musayerekeze kuchita update ya BIOS popanda UPS kapena batire lodzaza, makamaka nyengo ya mvula ndi ziphaliwali, chifukwa magetsi akaduka ili pakati kompyuta ikhoza osadzayakanso.

Ngati mukufuna umboni womaliza musanawononge ndalama, ikani Ubuntu, mtundu wa Linux wogwira ntchito m'malo mwa Windows, pa flash, muyatse kompyuta kuchokera pa flash popanda kuika chilichonse pa disiki, muisiye usiku wonse. Ikaumanso mmenemo, Windows ilibe mlandu ndipo kufomata sikungathandize.

Pa kompyuta ya mayi aja BugcheckCode inali 0 nthawi zonse, RAM ndi disiki zinali bwino, UPS yobwereka sinasinthe kanthu. Titazimitsa C-states inatha sabata yathunthu osagwa. Tinaikamo power supply ina, tinayatsanso C-states, ndipo anabwerera nayo kushopu mafayilo awo onse ali momwemo.