Kawonjezeredwe ka rauta yachiwiri pa netiweki ya pakhomo

Nyumba zambiri kuno ku Salima ndi za njerwa zootcha, zofolera malata, ndipo rauta (kabokosi kogawa intaneti m'nyumba) ikakhala pabalaza, Wi-Fi imafika itatheratu mphamvu kuchipinda chakumapeto, nanji kunyumba ya kuseri kumene kumagona anyamata kapena alendo. Rauta yachiwiri imathetsa vutoli, koma pokhapokha itaikidwa ngati yothandizira yoyambayo, chifukwa netiweki, monga mudzi, siiyenda bwino ikakhala ndi nyakwawa ziwiri. Dziwaninso kuti rauta yachiwiri siiwonjezera liwiro la intaneti imene mumagula ku Airtel, ku TNM kapena kwina kulikonse. Ntchito yake ndi kungofikitsa intaneti yomweyo kumene siinkafika.

Musanagule chilichonse, yang'anani kumbuyo kwa rauta yoyamba ngati kuli bowo lolembedwa kuti LAN. Timarauta ta m'thumba totchedwa MiFi nthawi zambiri tilibe bowoli, choncho njira iyi siingatheke nato. Mufunikanso waya wa netiweki wa mtundu wa Cat5e kapena Cat6, wosapitirira mamita 100, popeza kupyola pamenepo uthenga umayamba kutayika m'njira. Pali marauta ena amene amatha kungotola Wi-Fi n'kuibwereza popanda waya, koma ine sindilimbikitsa zimenezi m'nyumba ya makoma ochindikala, chifukwa liwiro limatsika mpaka pafupifupi theka.

Tembenuzani rauta yoyamba ndi kuwerenga kapepala komata kunsi kwake. Pamenepo pamalembedwa adiresi yake, yomwe kawirikawiri imakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1, ndipo pa marauta ambiri a Huawei olowa simu khadi imakhala 192.168.8.1. Lembani adiresiyo pa msakatuli (pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti) wa kompyuta kapena foni, lowani ndi pasiwedi, kenako pezani gawo la DHCP. Gawo limeneli ndilo limagawira foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse adiresi yakeyake, ndipo mudzaona manambala awiri osonyeza pamene kugawako kumayambira ndi pamene kumathera, mwachitsanzo kuchokera pa 100 kufika pa 200. Sungani manambalawo papepala.

Tsopano tengani rauta yachiwiri, koma musailumikize kaye ku yoyamba. Ngati ndi yakale kapena munaigula kwa munthu, dinizani kabatani ka reset, kofufuta zonse zimene zinakonzedwamo kale, kamene kamakhala mkati mwa kabowo kakang'ono, pogwiritsa ntchito kamtengo ka machesi kwa masekondi pafupifupi 10 mpaka timagetsi take titaphethira. Ilumikizeni ku laputopu ndi waya waufupi ndipo lowani pa adiresi yake.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, ndipo ndondomeko yake ndi yofunika kuitsata. Yambani ndi kusintha adiresi ya LAN ya rauta yachiwiri kuti zigawo zitatu zoyambirira zifanane ndi za yoyamba, chomaliza chokha chisiyane. Ngati yoyamba ili pa 192.168.8.1, iyi ipatseni 192.168.8.2, nambala imene ili kunja kwa ija imagawidwa ndi DHCP. Mukangosunga, tsambalo lidzasowa ngati kuti zinthu zawonongeka, koma musade nkhawa: rauta yangosamukira ku adiresi yatsopano. Zulani waya, ubwezeretseni, ndipo lowaninso pa adiresi yatsopanoyo. Konzani dzina la Wi-Fi ndi pasiwedi, posankha chitetezo cha WPA2 ndi pasiwedi ya zilembo zosachepera 8. Pomaliza penipeni ndi pamene muzimitse DHCP ya rauta yachiwiri. Mukayamba ndi kuzimitsa DHCP, laputopu imasowa woipatsa adiresi ndipo mumadzitsekera nokha kunja, zomwe zimachititsa kuti muyambirenso ndi kamtengo ka machesi kaja. Marauta ena, monga ambiri a TP-Link, ali ndi posankha polembedwa kuti Access Point, pamene pamachita zambiri mwa izi pakamodzi.

Waya wautali uja uchoke pa bowo la LAN la rauta yoyamba kukalowa pa bowo la LAN la yachiwiri. Bowo la WAN, lomwe nthawi zambiri limakhala la mtundu wosiyana ndi anzake, lisiyeni lopanda kanthu ngati mwakonza zonse pamanja monga tafotokozeramu.

Pa dzina la Wi-Fi, mukhoza kupatsa marauta onse awiri dzina limodzi ndi pasiwedi imodzi kuti foni izisankha yokha yomwe ili pafupi, ngakhale mafoni ena amakakamira rauta yakutali mpaka mutazimitsa Wi-Fi ndi kuiyatsanso. Chimene chiyenera kusiyana ndi tchanelo, kanjira ka mumlengalenga kamene Wi-Fi imadutsamo. Pa Wi-Fi ya mtundu wa 2.4 GHz, matchanelo amene salowererana ndi 1, 6 ndi 11, choncho ngati yoyamba ili pa 1, yachiwiri ikhale pa 6 kapena 11.

Waya wodutsa pabwalo kupita kunyumba ya kuseri uikidwe m'paipi ya pulasitiki ndi kukwiriridwa, chifukwa dzuwa la kunyanja kuno limaumitsa chikopa chake mpaka kung'aluka, ndipo wodutsa kudenga makoswe sauleka. Nthawi ya dzinja, mvula ya ziphaliwali ikayandikira, ndi bwino kuuzula mbali zonse ziwiri, poti mphenzi ikagwa pafupi, waya wotere umatha kupsereza marauta onse awiri. Rauta yeniyeniyo ikhale pamalo okwera ndi opita mphepo, osati m'kabati kapena pafupi ndi malata.

Poyesa, pitani kuchipinda chakutali chija, zimitsani data ya pa foni kuti isakunamizeni, lumikizani ku Wi-Fi ndi kutsegula tsamba lililonse. Ngati foni yalumikizika koma intaneti palibe, yang'anani kaye ngati waya sunalowe pa WAN, kenako tsimikizani kuti DHCP ya rauta yachiwiri ndi yozimitsadi.