Momwe mungaphikire chakudya cha kosher mukapeza ntchito kwa Ayuda ku Johannesburg

Mukapeza ntchito ya m'nyumba cha ku Glenhazel kapena ku Sydenham n'kuona masinki awiri m'khitchini imodzi, dziwani kuti mwafika kwa Ayuda osunga kosher, malamulo a chipembedzo chawo okhudza zakudya. Ine ndawaphikira zaka zingapo, ndiye tcherani khutu.

Yambani ndi kudziwa zodyedwa. Lamulo lili pa Levitiko 11: nyama ikhale yobzikula komanso ya ziboda zogawanika. Ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zili bwino, nkhuku nayonso. Nkhumba ndi kalulu ayi. Nsomba ikhale ndi mamba ndi zipsepse, choncho chambo angadye koma mlamba ndi kampango sayandikira. Za mbewa ndi ngumbi musazitchule n'komwe.

Komabe mbuzi sikhala kosher chifukwa choti ndi mbuzi. Iyenera kuzingidwa ndi shochet, Myuda wophunzira ntchitoyo, ndi mpeni wakuthwa wopanda kabanthu ngakhale pang'ono, kenako magazi achotsedwe: kuviika m'madzi theka la ola, kuthira mchere wamiyala kwa ola limodzi, kutsukuluza katatu. Masiku ano zimenezi amachitiratu kubutchala. Inu mungoona kuti paketi ndi yomata ndipo ili ndi chidindo cha Beth Din, bwalo la arabi, omwe ndi atsogoleri a chipembedzo cha Ayuda. Nyama yake ndi yodula zedi, moti akakutumani mtima umauza kuti mupite kwa wotchipa n'kusunga chenji. Wina anandinyengererapo kuti, “Achimwene, halaal ndi chimodzimodzi, madamu sadziwa.” Si chimodzimodzi. Ndipo nyama yotereyo ikalowa m'poto yotentha, poto nayo yawonongeka.

Tsopano nkhani yeniyeni: nyama ndi mkaka siziphikidwa limodzi, sizidyedwa limodzi. Zimachokera pa Eksodo 23:19, pamene akuletsa kuphika mwana wa mbuzi mu mkaka wa make. N'chifukwa chake mapoto, mbale, mipeni, zikho, ngakhale siponji ndi nsalu zopukutira zili ziwiriziwiri. Nyumba zambiri zofiira ndi za nyama, amati fleishik, zabuluu ndi za mkaka, milchik. Zimene sizili uku kapena uku, monga mazira, mpunga, ndiwo zamasamba ndi nsomba, amati parev.

Apa ndi pamene ndinapsa. Linali Lachisanu, dzuwa likupendeka, aliyense akuthamanga kuti zonse zithe Sabata, tsiku lawo lopumula, lisanalowe dzuwa likalowa. Ndinaphika mbatatesi mu poto ya nyama kuti zidyedwe ndi nkhuku yowotcha. Pozinyenya ndinatsegula filiji n'kutenga majarini. M'mutu mwanga majarini ndi mafuta a zomera basi, si batala. Sindinadziwe kuti majarini ambiri amathiramo mkaka, ndipo mufilijimo munali awiri, a parev ali kumbuyo. Ndinatapa supuni ziwiri zodzaza, mbatatesi zikufuka nthunzi. Madamu analowa, anayang'ana chivindikiro chomwe ndinasiya patebulo, n'kungoti duu.

Sanandikalipire. Anaimbira rabi foni pompo, ndipo rabiyo anafunsa ngati wapolisi: poto inali yotentha? Munaphikiramo nyama liti, padutsa maola 24? Majarini anali ochuluka bwanji? Pali lamulo loti kanthu kogweramo mwangozi kamatha mphamvu ngati chakudyacho chikukaposa ka 60, koma amaweruza ndi rabi, osati inu ndi diso lanu. Mbatatesizo usiku umenewo sizinafike patebulo. Poto anaiika padera, ndipo tsiku la Sabata litatha tinaikwecha, inakhala tsiku lathunthu osagwira ntchito, kenako tinaimiza m'madzi obwadamuka. Mwayi inali yachitsulo. Ikanakhala mbale yadothi, imeneyo sayeretsa.

Chiyambire tsiku limenelo ndimawerenga paketi iliyonse, ngakhale buledi ndi mabisiketi. Chidindo chokha sichokwanira, onani ngati pambali alemba parev kapena mkaka. Mukalakwitsa, siyani chilichonse pomwe chili n'kunena. Mukathamangira kutsuka ndi madzi otentha musinki ina kuti mubise, mungowononga ziwiya zambiri.

Zotsalazo n'zosavuta. Dzira liswereni kaye m'tambula yagalasi, likakhala ndi kadontho ka magazi tayani. Letesi, kabichi ndi burokoli tsukani tsamba ndi tsamba n'kuunika pakuwala, chifukwa kachilombo kamodzi n'koletsedwa. Pophika nyama kapena nsomba, mwininyumba ayatse yekha sitovu, inu mupitirize. Nsomba ndi nyama musaike m'mbale imodzi. Akadya nyama ambiri amadikira maola 6 asanamwe tiyi wa mkaka, ena atatu, choncho funsani za nyumba yanuyo. Botolo la vinyo lotsegula musalikhudze asanakuuzeni. Mbale ya nsima ndi ndiwo zanu sungani kuchipinda kwanu. Za Pasika, pamene ziwiya zonse zimasinthidwanso ndipo buledi salowa m'nyumba, madamu adzakuuzani okha ikamayandikira.