Mankhwala a chimfine: musaonjezere Panado pamwamba

Kukazizira kuno ku Mzuzu, June ndi July, ambiri timathamangira ku famase kukagula mankhwala ophatikiza aja a chimfine ndi chifuwa. Musanamwe, tembenuzani paketi muwerenge zomwe zilimo. Ambiri ali kale ndi paracetamol, ndiye mukaonjezera Panado mwamwa mankhwala amodzimodzi kawiri. Munthu wamkulu asapyole magalamu 4 a paracetamol patsiku, apo ayi chiwindi chimawonongeka.

Mukaona chlorpheniramine, dziwani kuti amagonetsa. A kabaza, ndi inu oyendetsa minibasi m'makhota a msewu wa ku Nkhata Bay, imwani pokagona basi, ndipo mowa musayerekeze. Odwala BP funsani kaye ku famase komweko, poti mankhwala otsegula mphuno amakweza BP. Mwana wosakwana zaka 6 musamupatse mankhwala ophatikizawa.

Chifuwa chikapitirira masabata awiri, kayezetseni TB kuchipatala.