Kagawidwe ka Maudindo m'Sewero la Chombo cha m'Mlengalenga

Achinyamata a ku Kawale kapena ku Area 25 amene mukukonza sewero la chombo choyenda pakati pa nyenyezi, yambani ndi kusankha kaputeni, ndipo musamusankhe chifukwa cha kukula kwa mawu kokha. Mu Star Trek, imene inayamba kuonetsedwa pa wailesi yakanema ku America mu 1966, kaputeni amakhala pampando wapakati, amamvetsera maganizo a anzake, kenako amagamula yekha n'kusenza zotsatira zake.

Wachiwiri wake ndiye woti mumuganizire mofatsa kwambiri. Mupatseni khalidwe losiyana ndi la kaputeni, monga mmene mu Star Trek wachiwiri Spock ankaganizira zinthu mosatengeka mtima pamene kaputeni Kirk ankachita zinthu molimba mtima, chifukwa kusiyana maganizo kwa awiriwa ndi kumene kumachititsa oonerera kukhalabe pamabenchi mpaka sewero litatha. Komabe wachiwiriyo azitsutsa mwaulemu, ndipo lamulo likaperekedwa azilitsatira.

Woyendetsa chombo ndi wolandira mauthenga akhale pafupi ndi kaputeni. Injiniya muikeni kuseri kwa nsalu, mawu ake azimveka ngati akuchokera kuchipinda cha injini. Dokotala ndiye musamupeputse, pakuti ali ndi mphamvu zochotsa kaputeni pampando ngati wadwala moti sangathenso kulamula bwino.