Momwe mungajambulire mphindi ziwiri zoyamba za kanema wa thriller ndi foni, muno mu Lilongwe

Ophunzira za kanema ndi zisudzo akapatsidwa ntchito yojambula chiyambi cha thriller, kanema woika woonera mtima m'mwamba, magulu ambiri amathamangira mpeni, magazi a tomato sosi ndi mtsikana wothawa akukuwa m'munda wa chimanga. Mphindi ziwiri zikamatha munthu wafa kale, wakuphayo tamuona nkhope. Nanga woonera adikirenso chiyani? Chiyambi cha thriller chili ndi ntchito imodzi yokha, kusiya funso m'mutu mwa woonera, funso lomusowetsa mtendere mpaka afune kuona kanema yense. Kamera yodula sibweretsa funso limeneli. Limachokera papepala, ndipo theka lake limalowera m'khutu.

1. Pezani funso foni ikadali m'thumba

Khalani pansi gulu lonse, mulembe funso lanu m'chiganizo chimodzi. Likakana kulowa m'chiganizo chimodzi ndiye kuti simunalipeze.

Titenge chitsanzo ichi. Mtsikana amakhala yekha m'kachipinda ka lendi ku Area 25. Akuchokera ku kalasi chisisira, magetsi kulibe. Watsegula loko, walowa, wakhoma chitseko, wayatsa kandulo. Patebulo pali kapu ya tiyi, ikutuluka nthunzi. Basi. Palibe magazi, palibe kukuwa, koma aliyense akufunsa: wapanga tiyi ndani, ndipo ali kuti, poti loko anali wokhoma kunja?

Katswiri wopanga makanema Alfred Hitchcock, pocheza ndi mnzake wa ntchito yomweyo François Truffaut mu 1962, adafotokoza nkhani imeneyi ndi chitsanzo cha bomba. Anthu awiri akucheza patebulo, bomba n'kuphulika mwadzidzidzi: woonera adzidzimuka kwa masekondi ochepa, zatha. Koma mukamuonetseratu kuti pansi pa tebulo pali bomba, macheza omwewo amamuika mtima m'mwamba kwa mphindi zambirimbiri. Choncho kapu ija tiione ife kaye, mwini chipinda asanaione. Iye atifulatire, avule nsapato, aike chikwama pabedi, aziimba kanyimbo ka kwaya chapansipansi, nthunzi ikukwera kumbuyo kwake. Woonera azilakalaka kumukuwira kuti "tacheukani, achemwali!"

2. Lembani, kenako jambulani ndi pensulo

Tsamba limodzi la sikiriputi limatenga pafupifupi mphindi imodzi pakanema, ndiye musapyole masamba awiri. Zolankhula chotsani pafupifupi zonse. Ife tidakulira masewero a pawailesi, moti timakonda kuti munthu azinena chilichonse chimene akuchita: "Iii, kodi tiyi ameneyu wapanga ndani?" Akangotero funso lija walilanda kwa woonera.

Mukatero pangani storyboard. Gawani pepala m'timabokosi, m'kabokosi kalikonse mujambule shoti imodzi, kutanthauza chimene kamera ijambule ulendo umodzi osaima. Tianthu tamitengo tikwanira, si mpikisano wa zojambulajambula. Pansi pake lembani ngati ndi shoti yapatali, yapakati kapena yapafupi, ndi phokoso limene lizimveka. Pomaliza sanjani mashotiwo potengera malo ndi kuwala, osati potengera nkhani. Zonse zapanja pamodzi, zonse zam'chipinda pamodzi.

3. Malo, ndi anthu okhala pamalopo

Pitani kukaona malo pa ola lomwelo limene mudzajambule, mukafike n'kungokhala chete mphindi zingapo. Kanjira kooneka bwino masana ku Kawale kapena ku Mchesi kakhoza kukhala pafupi ndi chigayo, bala, kapena tchalitchi chimene zokuzira mawu zake zimayamba 5 koloko madzulo. Msika wa Tsoka ndi milatho yamitengo ya pamtsinje wa Lilongwe n'zokopa maso, inde, koma kumeneko aliyense amayang'ana m'kamera, wina n'kufuna yake ya fanta. Gulu la anthu anayi silingathe kulamulira msika. Chipinda chimodzi ndi kanjira kamodzi, zimenezo mungathe.

Gawo lotsatirali ndi limene ophunzira amalipeputsa, pomwe ndi limene lingakupweteketseni. M'makwalala mwathu muno munthu akakuwa kuti "wakuba!" anthu safunsa kuti kodi ndi sewero. Achinyamata obisala kuseri kwa mpanda madzulo, wina atavala chipewa chophimba nkhope, amaoneka ngati mbava basi. Mu 2017 mphekesera chabe za anamapopa zidaphetsa anthu ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo. Choncho tengani kalata ya kusukulu yokhala ndi chidindo, mukaonekere kwa eni nyumba, kwa amfumu kapena a block leader, kwa a community policing, komanso ku polisi yapafupi ngati mukujambula panja. Kalankhulidwe kake n'kosavuta: "Amfumu, ndife ana asukulu, tikupempha kujambula kanema pakanjira aka Loweruka kuyambira 4 koloko mpaka 6 koloko. Mukamva phokoso musadabwe." Gogodaninso kwa aneba a mbali zonse. Mayi amene mwamupatsa ulemu wotere ndi yemwe adzakuletsereni ana kuti asadutse kutsogolo kwa kamera.

Mfuti zachidole, zikwanje, ndi yunifolomu ya apolisi kapena asilikali, zisiyeni. Musalozetsenso kamera ku Kamuzu Barracks, ku Kamuzu Palace kapena ku bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi.

4. Kuwala: mdima weniweni foni siutha

Usiku wa m'makanema sukhala usiku weniweni. Foni ikakhala mumdima chithunzi chimadzaza timadonthomadontho. Shoti zapanja jambulani dzuwa litangolowa, kumwamba kukadali mbuu. Vuto lake n'lakuti kuno chisisira sichichedwa. Mu Juni dzuwa limalowa 5:30 isanakwane, mu Januwale cha m'ma 6:15, ndipo pakangotha mphindi makumi awiri kapena kuposerapo pang'ono kwada. Yesererani zonse dzuwa likadalipo, kuti nthawiyo ikakwana muzingodina. Mashoti apanja asapyole anayi kapena asanu. Ngati ndi pakati pa Novembala ndi Epulo, sungani tsiku lina lapadera chifukwa cha mvula.

Zam'chipinda mutha kujambula ngakhale masana, mutatchinga mawindo ndi mabulangete. Kandulo yokha siwalitsa mokwanira. Tengani babu lotchaja kapena tochi, muwalitsire kukhoma kapena pakatoni yoyera kuti kuwala kubwerere kofewa kuchokera mbali imene kuli kandulo. Mbali ina ya nkhope isiyeni mumdima. Osawalitsa kuchokera kumene kwaima kamera, nkhope imaoneka yaphwatalala ngati chithunzi cha pachitupa.

Tsopano kapu ija. Nthunzi siioneka mukaiwalitsa kutsogolo. Ikani tochi kumbuyo kwa kapu, chapambali pang'ono, kuti isaonekere m'kamera, ndipo kuseri kwa nthunziyo kukhale chinthu chakuda, kaya chitseko kaya jekete yopachika. Pamenepo nthunzi imatuluka yoyera, ikupotoka pang'onopang'ono. Madzi akhale owira kumene, ndiye mbaula kapena fulasiki ikhale pakhonde, munthu mmodzi ntchito yake ikhale yothira ena shoti iliyonse. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi nthunzi imaoneka bwino koposa. Makandulo gulani angapo ofanana. Kandulo imafupika mukamabwereza, ndipo polumikiza mudzapeza kuti shoti ina ndi yaitali, yotsatira yatsala kachidutswa, kenako yatalikanso. Chidebe cha madzi chikhale pafupi, neti ndi makatani zikhale kutali ndi moto.

Pafoni sinthani zinthu zitatu. Igwireni chopingasa. Dinani pankhope mpaka focus (malo amene chithunzi chikuoneka bwino) ndi exposure (kuchuluka kwa kuwala) zitakhoma, apo ayi kuwala kuzisinthasintha kokha machesi akangoyaka. Chachitatu, magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, pomwe mafoni ambiri amabwera ali pa mafulemu (zithunzi) 30 pasekondi, n'chifukwa chake mababu ena amaoneka akuphethira pakanema. Ikani pa 25. Foni yanu ikakana, mapulogalamu aulere ngati Open Camera kapena Blackmagic Camera amalola pa mafoni ambiri.

5. Tsiku lojambula

Pukutani galasi la kamera, ikani foni pa airplane mode, onetsetsani kuti muli malo okwanira ndi power bank yodzaza. Musachite zoom ndi zala, sunthani foniyo. Ngati mulibe tripod (choimikira kamera cha miyendo itatu), thumba la mpunga kapena sokosi yodzaza mchenga imagwira foni nji. Shoti iliyonse iyambe masekondi asanu wosewera asanasunthe, ipitirirenso masekondi asanu atamaliza. Mudzawafuna polumikiza.

Jambulani mzere m'maganizo kuchokera pa mtsikana kukafika pa kapu, kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo. Ndilo lamulo la madigiri 180. Mukaudumpha, mtsikana amene amayang'ana kumanja adzaoneka akuyang'ana kumanzere, ngati kapu yasamuka.

Wosewera wanu, makamaka ngati adazolowera siteji, adzafuna kutong'ola maso ndi kugwira pamtima. Muletseni. Lev Kuleshov, wopanga makanema wa ku Russia, adaonetsa zaka zoposa 100 zapitazo kuti nkhope imodzimodzi yosasonyeza kanthu, woonera amaiwerenga mosiyana malinga ndi chithunzi chimene mwaika pambali pake. Ingomuuzani kuti: "Achemwali, musachite kalikonse. Yang'anani kapuyo, muwerenge mpaka teni chamumtima." Mantha adzaikamo woonera yekha.

6. Phokoso

Apa ndi pamene makanema ambiri a ophunzira amagwera. Chithunzi chosaoneka bwino anthu amachipirira, koma mawu a mphepo ndi wailesi ya aneba amatseka kanema pomwepo. Foni yachiwiri ikhale yojambula mawu okha, ibisidwe pafupi ndi wosewera. Shoti iliyonse isanayambe wina aombe m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, kuti mudzagwirizanitse mawu ndi chithunzi mosavuta. Musanachoke m'chipindamo nonse mukhale chete mphindi imodzi, mujambule "chete" wa chipindacho. Ameneyu ndi amene mudzatsekere mipata.

Kenako, usiku kukakhala zii, jambulani phokoso lililonse palokha, foni ili pafupi: loko kutseguka, kiyi kugwera patebulo, machesi kukhwatchula, nkhululu panja, galu wakutali, malata kuthetheka akamazizira. Malata amenewa ndi chuma. Aliyense wokulira m'nyumba yopanda siling'i amadziwa kulira kwake, koma akalira kamodzi mtsikana atangoona kapu, woonera amaganiza kuti pamwamba pali munthu.

Nyimbo za oimba ena musangotenga. Zili ndi eni ake pansi pa lamulo la Copyright la 2016, bungwe la COSOMA ndilo limayang'anira, ndipo YouTube kapena Facebook ikhoza kuzimitsa mawu a kanema wanu. Pezani mnyamata woimba kiyibodi kutchalitchi akugwirireni noti imodzi yotsika, yaitali. Ndipo pamene mtsikana akucheuka, yesani kuchotsa zonse, nyimbo ndi nkhululu zomwe, kwa masekondi awiri.

7. Kulumikiza ndi kuika mayina

Tsiku lomwelo koperani zonse malo awiri. Polumikiza mashoti, pulogalamu ya CapCut imakwanira pafoni. DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere, koma imafuna kompyuta yamphamvu. Yambani ndi mashoti aatali odekha, muziwafupikitsa pamene mtsikana akuyandikira kucheuka. Zosinthira zozungulira ndi zothwanima zija zisiyireni makanema aukwati.

Mayina akhale ochepa, zilembo zamtundu umodzi, zoyera, pamalo amdima a chithunzi, ndipo asagwere pa kapu kapena pankhope. Mutu wa kanema ubwere pomwe funso lafika pachimake: waona nthunzi, wacheukira kuchitseko chimene wakhoma yekha, mdima, mutu.

Musanapereke, onetsani munthu amene sadziwa nkhaniyo, inu osanena kanthu. Mufunseni zimene akuganiza kuti zichitika. Akayankha kuti "kodi panali kapu?", bwererani mukatalikitse shotiyo kapena muiyandikitse. Ngati mudzaonetse kanemayo kugulu kunja kwa kalasi, funsani kaye ku Censorship Board za chilolezo. Potumiza kwa aphunzitsi gwiritsani ntchito fulashi kapena Google Drive. WhatsApp imafinya kanema, ndipo mbali zamdima ndi zimene zimawonongeka koyamba. Ngati palibe njira ina, tumizani ngati document.